Faya wopanda waya ndi chiwongolero chamagetsi: mafunso ndi mayankho kwa eni galimoto ku Salima

Galimoto zambiri zimene zimadzaza pa Kamuzu Road masiku ano, kaya ndi ma Sienta opita ku Senga Bay, ma Fit ndi ma Vitz a anthu apantchito, kapena mapikapu olowera msewu wa M5 kupita ku Nkhotakota, zilibenso waya wa faya amene tidakula tikumudziwa. Zochuluka zilibenso pampu ya oyilo wa chiwongolero. Ntchito zimenezi zidatengedwa ndi masensa, timamota ndi kompyuta. Ine ntchito yanga ndi magetsi a galimoto, ndipo mafunso ali m'munsimu ndi amene makasitomala amabwera nawo kawirikawiri. Chimandipweteka mtima kuona munthu atagulitsa matumba a mpunga kuti agule chitsulo chodula, pamene vuto lidali pa batire, pa waya wa ethi (wobwezera magetsi ku batire kudzera pa bodi), kapena pa pulagi imene idalowa madzi.

Amakaniko, ndatsegula boneti koma waya wa faya sindikumuona. Ndikaponda chimachitika n'chiyani?

Pa galimoto zakale za petulo, chopondera cha faya chinkakoka waya wachitsulo, wayayo n'kutsegula kachitseko kozungulira kamene kali pakhosi pa injini, polowera mpweya. Phazi lanu ndilo linkatsegula kachitsekoko. Lero chopondera sichikoka kanthu. M'kati mwake muli masensa awiri amene amauza kompyuta ya injini pamene phazi lafika. Kompyutayo imaonanso liwiro la galimoto, giya imene mwalowa, kutentha kwa injini, ngati AC yayaka, ngati tayala lina likuterereka, kenako imalamula kamota kali pa throttle body, chitsulo chimene muli kachitsekoko, kuti katsegule kachitseko kaja mlingo woyenera. Pa kachitsekopo palinso masensa ena awiri obweza uthenga woti katsegukadi mmene kadauzidwira. Zonsezi zimabwerezedwa kambirimbiri pa sekondi imodzi.

Kuika masensa awiriawiri si kuwononga ndalama ayi. Onse amalandira 5V kuchokera ku kompyuta, koma aliyense amabweza mlingo wakewake wa magetsi, ndipo kompyuta imadziwa mmene milingo iwiriyi iyenera kuyendera limodzi. Zili ngati mboni ziwiri pabwalo la amfumu: zikanena chimodzi mlandu umapita patsogolo, zikasemphana amfumu sagamula. Masensa akasemphana kompyuta sichita zongoganizira, imadula mphamvu ya injini n'kuyatsa nyale pa dashibodi.

Luso limeneli ndi lakale ndithu. BMW idaliika pa 750i ya injini ya V12 chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo m'zaka za m'ma 2000 lidafalikira pa galimoto wamba za ku Japan zimene ife timagula zitayendapo kale. A Toyota amalitcha ETCS-i. Chidakopa opanga galimoto n'chakuti kompyuta ikagwira kachitseko kaja imatha kuchepetsa utsi, kusamala mafuta, kusunga liwiro limodzi pa cruise control, ndiponso kubweza mphamvu tayala likayamba kuterereka pamatope dalaivala asanazindikire n'komwe.

Yanga ndi pikapu ya dizilo. Kodi ndi chimodzimodzi?

Chopondera n'chofanana, koma zimene chimalamula n'zosiyana. Mphamvu ya injini ya dizilo imachokera pa kuchuluka kwa dizilo wolowa m'masilinda, osati pa kutsegula kapena kutseka mpweya. Pa Hilux yakale ya injini ya 3L, kapena Land Cruiser ya 1HZ, waya amachoka pa chopondera kukafika pa injector pump. Pa injini za common rail, monga Hilux ya D-4D ya 2.5 ndi 3.0, ya GD-6 ya 2.4 ndi 2.8 imene idabwera mu 2015, Ford Ranger ya 2.2 ndi 3.2, komanso Isuzu D-Max, chopondera chimangotumiza uthenga, kompyuta n'kusankha nthawi ndi utali umene ma injector atseguke.

Kachitseko kolowera mpweya mukapezabe pa madizilo ambiri atsopano, koma ntchito yake ndi ina. Kamathandiza kuti utsi wina ubwerere mu injini kudzera pa EGR, ndiponso kuti injini izime mosanjenjemera. Pamenepo pamaundana mwaye wosakanikirana ndi oyilo, wakuda bii, womata ngati phula, ndipo ukachuluka pikapu imalemera pokwera.

Musaiwale za mafuta. Nthawi imene kumafilingi kwauma, anthu amathira dizilo wa m'zigubu, wina wa madzi, wina wa zinyalala. Sefa ya dizilo ikatsekeka, mukaponda galimoto siyankha, ndipo mwini wake amathamangira kunena kuti chopondera chafa. Yambani mwaona sefa.

Ndikaponda imayamba yaganiza kaye, kenako n'kunyamuka. Yayamba kufa?

Ngati yakhala ikutero chiigulireni, mwina ndi mmene adaipangira. Opanga amafewetsa dala chiyambi cha chopondera kuti galimoto isamadumphe ponyamuka. Giyabokosi ya CVT, yomwe ili m'ma Fit ndi ma Sienta ambiri, nayo imatenga kanthawi kuti igwire, ndipo turbo ya dizilo imadikira kuti utsi uchuluke isanayambe kukankha. Batani la ECO likayaka kuchedwako kumawonjezeka.

Ngati khalidweli n'lachilendo, onani sefa ya mpweya, sensa woyeza mpweya ali kuseri kwa sefayo, mapulagi a moto ndi sefa ya mafuta. Pali chinanso chimene ambiri sachiganizira. Galimoto zambiri zatsopano zikamva kuti mabuleki ndi faya zapondedwa nthawi imodzi zimamvera mabuleki. Choncho dalaivala wa automatic amene amatsamiritsa phazi lamanzere pa buleki amadzidulira yekha mphamvu, ndipo kaswichi ka nyale za mabuleki kakawonongeka kangathe kunamiza kompyuta chimodzimodzi.

Timabokosi togulitsidwa pa intaneti tolumikiza pa chopondera, timene amati timawonjezera mphamvu, ine sindimatilimbikitsa. Timangokokomeza uthenga, kuponda pang'ono kompyuta n'kumva ngati mwaponda kwambiri. Injini ikhala yomweyo, mafuta adzapita ambiri, ndipo pamchenga kapena pamatope, pamene pamafunika phazi lofatsa, mudzangokumba dzenje.

Ndikukwera chitunda cha ku Mvera galimoto inangofooka, nyale ya injini n'kuyaka. Ndikaponda siikupita. N'chiyani?

Imeneyo amakaniko timaitcha limp mode. Kompyuta yaona china chimene sikuchikhulupirira, ndiye yasankha kukupatsani mphamvu yongokwanira kuchoka pamsewu. Pa injini za petulo kamota ka pa throttle body kamatha kuzimitsidwa, ndipo sipuling'i imasiya kachitseko katatseguka pang'ono chabe kuti injini isazime. Si kufa kwa injini, ndi kudziteteza.

Yatsani mahazadi, funani poima pabwino, kokani handibuleki, ikani mwala kutayala ngati pali potsetsereka, ikaninso ma triangle. Zimitsani injini, dikirani pang'ono, gwedezani mitu ya batire ndi dzanja muone ngati yamasuka. Mukaliza kachiwiri nthawi zambiri mphamvu imabwerera. Yendani pang'onopang'ono mpaka kugalaja, ndipo musadzinamize kuti vuto latha.

Chimene ndikupemphani ndi ichi: musachotse batire pofuna kuzimitsa nyaleyo. Pa galimoto zambiri kutero kumafufuta khodi imene kompyuta idasunga, ndipo makaniko amayamba kufufuza mumdima, inu mukulipira. Makhodi a P0120 mpaka P0123 amanena za sensa wa kachitseko kapena wa chopondera, P2135 amanena kuti masensa awiri a pa throttle body asemphana, P2138 kuti a pa chopondera asemphana. Koma khodi imaloza njira yonse ya magetsi, osati chitsulo chokha. Njirayo ndi sensa, pulagi, mawaya ndi kompyuta.

Kuno ndimapeza izi kawirikawiri. Mukazula pulagi ya pa chopondera n'kuunika ndi tochi ya foni, timano take tamkuwa tabiriwira, tina tadyeka mpaka kupyapyala, chifukwa madzi otsukira makapeti amadontha pamenepo. Kapena mukatsata mawaya kuseri kwa injini mumapeza pobisalira khoswe, pali makoko a mtedza ndi tizidutswa ta pulasitiki, waya mmodzi watsala ndi tiulusi tiwiri. Galimoto yogona pafupi ndi mosungira chimanga kapena mpunga izi siizizemba. Vuto lotere limathera pa kutsuka pulagi ndi kulumikiza waya ndi soda (solder), osati pa kugula throttle body.

Ndidamva kuti galimoto zimenezi zimatha kuthamanga zokha. N'zoona?

Nkhaniyi idachokera ku America. Mu 2009 ndi 2010 kampani ya Toyota idaitanitsa galimoto mamiliyoni kuti zikakonzedwe anthu atadandaula kuti zikuthamanga osafuna, ndipo panali ngozi zimene anthu adafa. Zifukwa ziwiri zidapezeka: makapeti apansi amene ankapanikiza chopondera, ndi zopondera zina zimene zinkachedwa kubwerera. Boma la America lidapempha mainjiniya a NASA, bungwe lake loona za mlengalenga, kuti afufuze mbali ya magetsi, ndipo zotsatira zimene zidalengezedwa mu February 2011 zidati sadapeze vuto la magetsi lotha kutsegula faya kwambiri chotero. Mu 2014 Toyota idavomera kulipira $1.2 biliyoni chifukwa chosauza anthu zoona zonse za mavutowa. Kuchokera nthawi imeneyo makampani ambiri adaika lamulo lija loti mabuleki azipambana faya.

Phunziro lake likutikhudza kwambiri ife. Kuno timakonda kusanjikiza kapeti yamphira pamwamba pa inzake poopa mchenga ndi matope, yosamangirira pena paliponse. Pansi pa mpando pamagudubuzika botolo la madzi, dalaivala wavala mapatapata. Zimenezi ndiye zoopsa kuposa kompyuta.

Zikakuchitikirani, pondani mabuleki mwamphamvu osasiyasiya, chifukwa kupopa kumamaliza mpweya wothandiza mabuleki. Kankhirani giya pa N, kapena pondani kilachi. Injini idzakuwa, isiyeni ikuwe, kompyuta ili ndi malire ake. Mukaima ndiye muzimitse. Ngati giya yakana ndipo muyenera kuzimitsa mukuyenda, bwezani kiyi kamodzi kokha, osafika pa LOCK, kuopa kuti chiwongolero chingakiyike. Pa galimoto za batani, likanikizeni osachotsa chala kwa masekondi atatu kapena kuposerapo.

Madizilo ali ndi kuthamanga kwina kosakhudzana ndi magetsi. Turbo ikayamba kutaya oyilo wambiri m'njira ya mpweya, kapena wina akathira oyilo wopyola muyezo, injini imayamba kudya oyiloyo ngati mafuta, utsi tolo, ndipo kiyi siizimitsa. Pa manual, pondani kilachi ndi mabuleki, lowetsani giya yapamwamba, kenako siyani kilachi injini itsamwe. Musayerekeze kutseka polowera mpweya ndi chikhatho.

Anandiuza kuti throttle body ikufunika kutsuka. Ndingatsuke ndekha?

Zizindikiro zake ndi kunjenjemera injini ikamalira payokha, kufuna kuzima mukaima pamphambano, makamaka AC ikayaka. Fumbi la m'misewu yathu ya dothi limakumana ndi nthunzi ya oyilo yochokera mu injini, n'kupanga kamzere kakuda pomwe kachitseko kamatsekera. Mpata wa mpweya pamenepo ndi wochepa kwambiri, choncho litsiro laling'ono limakwanira kusokoneza.

Kutsuka n'kotheka ngati muli ndi manja ofatsa. Zulani kiyi kaye, pakuti kamota kaja kali ndi mphamvu zotha kupana chala. Masulani chitsulocho, gwiritsani mankhwala ake opopera, ndipo poperani pa kansalu koyera m'malo mothira mbali ya kamota ndi masensa. Musakande ndi sandipepa kapena mpeni, musakankhe kachitseko ndi sikuludalaiva. M'kati muli timagiya tapulasitiki, ndipo dzino limodzi likathyoka chitsulo chonse chatha. Kasikuluwu kalikonse kamene muone kadapakidwa utoto kufakitale, kasiyeni.

Mukabwezeretsa, injini ingayambe kulira mokweza. Kompyuta idazolowera kutsegula kwambiri polimbana ndi litsiro, tsopano iyenera kuphunziranso. Ma Toyota ambiri amaphunzira okha mukawasiya alire atatentha kenako n'kuyenda nawo pang'ono. Ma Nissan ambiri amafuna kuphunzitsidwa mwadongosolo, ndi makina oyezera kapena ndi ndondomeko yoponda chopondera mowerenga masekondi. Makaniko amene sadziwa zimenezi amayamba kumasula zina zimene zidali bwinobwino.

Sefa ya mpweya ikatha gulani ina. Kuipopa ndi kompuresa yamphamvu kumang'amba pepala lake, ndipo fumbi limapita lonse mu injini.

Ndikufuna kuthira oyilo wa power steering koma pothira sindikupaona.

Ngati mwafufuza mu boneti monse osapeza kabotolo kolembedwa za power steering, ndiye kuti chiwongolero chanu n'chamagetsi, chimene amachilemba EPS. Pa mtengo wa chiwongolero pali kachitsulo kopyapyala kamene kamapotoka pang'ono mukakhota. Sensa amayeza kupotokako, kuti mwakoka mwamphamvu bwanji ndiponso mbali iti, ndipo kompyuta ya chiwongolero imalamula mota kuti ikuthandizeni kukankha. Imafunsanso liwiro. Poimika galimoto imathandiza kwambiri mpaka mungazungulitse ndi zala ziwiri, koma mukathamanga pa tala imachepetsa thandizo kuti chiwongolero chilimbe m'manja.

Pa galimoto zing'onozing'ono motayo imakhala m'kati, pansi pa dashibodi, pamwamba pa maondo anu. Pa zikuluzikulu ndi mapikapu imakhala pansi pa galimoto, pa steering rack penipeni, chitsulo chija chokankha matayala akutsogolo kuti akhote, pomwe imatha kukankha katundu wolemera koma ndi pomwenso madzi ndi miyala zimafika. Suzuki ndiyo idayamba kugulitsa galimoto ya chiwongolero chotere, Cervo, mu 1988. Mapikapu adachedwa. Ford Ranger idachilandira itakonzedwanso maonekedwe mu 2015, pamene Hilux ya D-4D ndi ya GD-6 zidapitiriza ndi pampu ya oyilo yoyendera lamba. Palinso mtundu wapakati, monga pa Mazda Axela zakale, umene uli ndi oyilo koma pampu yake imayendetsedwa ndi mota yamagetsi. Umenewo oyilo mumathira ndithu.

Ubwino wa EPS ndi woonekeratu: palibe lamba woduka, palibe mapaipi odontha, ndipo mota imadya magetsi pokhapokha mukamakhota, pamene pampu ya oyilo imakoka injini ulendo wonse ngakhale msewu uli wowongoka. Galimoto zatsopano zimene zimadzibweza zokha zikayamba kuchoka pa mzere wa msewu zimagwiritsa ntchito mota yomweyi.

Magetsi akathima ndili pa liwiro, ndiye kuti chiwongolero chimangozungulira chabe?

Ayi bambo. Chitsulo chochokera m'manja mwanu kukafika ku matayala chilipobe, mota imangothandizira. Ikasiya, nyale ya chithunzi cha chiwongolero, kapena yolembedwa EPS kapena P/S, imayaka ndipo chiwongolero chimalemera. Pa liwiro kulemerako n'kopiririka, kumavuta mukamachepetsa ndi pokhota. Gwirani ndi manja onse, chepetsani, imani.

Zilipo galimoto zimene chitsulocho adachichotsa. Infiniti Q50 ya 2013 idayamba kuwongolera matayala ndi mawaya okha, ngakhale idasunga kilachi yolumikizanso chitsulo zinthu zikavuta, ndipo pikapu ya Tesla Cybertruck ya 2023 ilibiretu chitsulocho. Zimene tikuyendetsa kuno si za mtundu umenewo.

Pano ndilankhule ndi madalaivala a matakisi. Chizolowezi chozimitsa injini potsika mapiri ochokera ku Lilongwe pofuna kusunga mafuta chisiyeni. Injini ikazima mabuleki amauma mukangoponda kawiri katatu, thandizo la chiwongolero lingathe kuchoka, ndipo kumbuyo mwanyamula anthu a eni. Phindu lakenso palibe, chifukwa injini za kompyuta zimadula zokha mafuta mukamatsika muli m'giya phazi mutachotsa pa faya.

Ndinatitimira mumchenga ku Senga Bay, ndikulimbana nazo chiwongolero chinalemera, koma kenako chinabwerera. Ndide nkhawa?

Mota idatentha, kompyuta n'kuchepetsa magetsi kuti isapse. Kuzungulitsa uku ndi uku galimoto ili chiimire, matayala atakwiririka, ndiyo ntchito yolemetsa kuposa zonse, makamaka dzuwa la October. Ikazizira imabwerera. Pewani kugwira chiwongolero kumapeto kwenikweni nthawi yaitali. Zikamachitika pa msewu wamba popanda chifukwa, kayezetseni.

Mumangonena za batire. Batire likukhudzana bwanji ndi faya ndi chiwongolero?

Ndilo gwero la mavuto ambiri amene ndimakonza. Mota ya chiwongolero ndi chimodzi mwa zinthu zodya magetsi kwambiri pa galimoto, n'chifukwa chake fyuzi yake ndi ija yaikulu. Magetsi akachepa, kompyuta ya chiwongolero imasiya kuthandiza, ya injini imayamba kuwerenga masensa molakwika, nyale zimayaka zitatu zinayi nthawi imodzi. Mwini galimoto amaona ngati yawonongeka yonse. Batire lodzaza bwino limaonetsa pafupifupi 12.6V injini itazima, ndipo ikamalira alternator, yomwe imachaja batire, iyenera kukweza kufika pakati pa 13.5V ndi 14.5V pa galimoto zambiri. Kamita koyezera zimenezi n'kotchipa, eni galimoto ambiri akadakhala nako.

Kutentha kwa kuno kunyanja kumakalambitsa batire msanga, ndipo kugwedezeka kwa m'misewu ya maenje kumamaliza. Batire losamangirira limadumphadumpha mpaka mitu kumasuka. Ndiye munthu amakhomera msomali kapena kachidutswa ka chitini pa mutu wa batire kuti ugwire. Galimoto yakale inkapirira zimenezo, ya kompyuta ayi. Onaninso waya wa ethi, wochoka pa batire kupita ku bodi ndi wochoka pa injini. Akachita dzimbiri, magetsi amafuna njira ina yobwerera, ndipo amadutsa m'timawaya ta masensa.

Pali zizolowezi zimene tidatengera ku galimoto zakale zomwe zikupha makompyuta. Kuzula mutu wa batire injini ikulira poyesa alternator ndi chimodzi. Kuliza ndi batire lobwereka kenako n'kulichotsa injini ikulira kuti mubwezeretse lanu ndi chomwecho. Batire ndilo limameza magetsi akalumpha, ndipo mukalichotsa kulumphako kumakathera mu kompyuta. Pojampitsa onetsetsani kawiri kuti waya wofiira ali pa + mbali zonse, kusemphanitsa kamodzi kokha kumatha kuotcha alternator ndi mafyuzi aakulu. Mukapita kowotcherera bampa kapena makako a kumbuyo kwa pikapu, chotsani batire kaye, ndipo ethi ya makina owotcherera ikhale pafupi ndi powotcherapo. Fyuzi ikapsa musaikepo waya kapena pepala la siliva la m'paketi ya ndudu, idapsa pa chifukwa. Ndipo anyamata oika zoimbira ndi nyale zowonjezera asasende waya aliyense amene amupeza pansi pa dashibodi, ena mwa mawayawo ndi amene makompyuta amalankhulirana.

Nanga madzi? M'dzinja timawoloka pamene mitsinje yasefukira, komanso ndimatsukitsa injini.

M'dzinja mitsinje yodutsa pa M5 ndi m'misewu ya kumidzi imatisowetsa mtendere, ndipo nthawi zina kuwoloka sikuzembeka. Pa pikapu ya mota ya pansi, mlonda wake ndi mphira ziwiri zopindikapindika zimene zimaphimba mbali zonse za steering rack. Imodzi ikang'ambika, madzi amatope amalowa n'kukhala momwemo. Tsiku limenelo simuona kanthu. Pakapita masabata dzimbiri limagwira, chiwongolero chimayamba kulimba malo ena, mapeto ake rack yonse. Mphirayo ndi yotchipa, rack ndi ya ndalama zoti mungagulire njinga yamoto. Gwadani muziyang'ane mvula isanayambe, ndiponso mukangowoloka madzi akuya.

Madzi akalowa m'kati mpaka kunyowetsa makapeti, musathamangire kuliza. Makompyuta ena ndi mapulagi aakulu amakhala m'munsi, m'mbali mwa mapazi kapena pansi pa mipando. Chotsani batire, tulutsani makapeti, zulani mapulagi aume bwinobwino.

Kutsuka injini ndi mpope wamphamvu ndi njira yachidule yobwerera kwa ine. Kansalu konyowa n'kokwanira. Kulowetsa galimoto m'mphepete mwa nyanja kuti anyamata aithire ndowa nakonso kumadzaza mchenga m'malo amene simungaufike.

Ndasintha ma tie rod n'kupangitsa alignment, koma nyale ya VSC yayaka ndipo galimoto ikukokera mbali imodzi.

Galimoto zokhala ndi VSC kapena ESP, makina othandiza kuti galimoto isaterereke pokhota, zili ndi sensa wodziwa pamene chiwongolero chaloza. Zitsulo za kutsogolo zikasinthidwa, pakati pake pamasuntha, ndipo sensayo ayenera kuuzidwanso ndi makina kuti pakati ndi pati. Ma Toyota amafunanso kuti sensa wa EPS aikidwe pa ziro ngati rack, mota kapena kompyuta yake yasinthidwa, apo ayi mbali imodzi imafewa kuposa inzake. Makaniko asazule chiwongolero n'kuchibwezera mokhota pofuna kuti chioneke chowongoka. Kuseri kwake kuli riboni ya mawaya a hutala ndi airbag, ndipo ikapitirira malire imaduka.

Musanapite kutali yezani mpweya wa matayala. Tayala lofewa, matayala aakulu kuposa amene galimoto idabwera nawo, ndi katundu wopyola muyezo zimakoka galimoto ndiponso zimatopetsa mota.

Pamabampu kutsogolo kukugogoda. Ndi mota?

Kawirikawiri ayi. Yambani ndi ma tie rod end, ma ball joint, mabushi ndi kamfundo ka pa mtengo wa chiwongolero pafupi ndi mapazi. Zimenezi zimatha chimodzimodzi kaya chiwongolero n'cha oyilo kapena chamagetsi.

Akuti ndiiike pa kompyuta. Ndidziwa bwanji kuti sakungondidyera ndalama?

Pansi pa dashibodi mbali ya dalaivala pali soketi ya mabowo 16 yotchedwa OBD2, imene ku America idakhala yokakamiza kuyambira 1996. Timakina totchipa tolumikiza ku foni timawerenga makhodi a injini okha, oyamba ndi P, ndipo tina timalephera kulankhula ndi galimoto zopangidwira msika wa ku Japan. Makhodi a chiwongolero amayamba ndi C, a kulankhulana kwa makompyuta amayamba ndi U, ndipo amafuna makina okulirapo. Makina ang'ono akanena kuti palibe vuto pamene nyale ya EPS ikuyaka, ndiye kuti sadafike kumeneko.

Pemphani kuti akulembereni khodiyo papepala asanaifufute. Pemphaninso kuona manambala amoyo: wina aziponda faya pang'onopang'ono injini itazima kiyi ali pa ON, inu muziona milingo iwiri ya masensa ikukwera mosadumpha. Kenako agwedeze mawaya ndi pulagi. Nambala ikalumpha pogwedezapo, vuto mwaliona ndi maso anu. Makaniko amene wangowerenga khodi n'kukutumani ku Lilongwe kukagula chitsulo, osagwira mita, sadamalize ntchito.

Zitsulo zochotsa ku galimoto zina zimathandiza ndipo ambiri timadalira zomwezo, koma nambala yolembedwa pa chitsulo ifanane ndi yanu, osati maonekedwe okha. Ma throttle body awiri angafanane mabawuti koma n'kusiyana mawaya. Kompyuta ya injini pa galimoto zambiri idamangidwa ukwati ndi kiyi, choncho yachilendo siiliza mpaka aiphunzitse. Gwirizanani ndi wogulitsa musanalipire kuti chikakana mubweza.

Ndikufuna pikapu yonyamulira usipa ndi mpunga pakati pa Nkhotakota ndi Lilongwe. Ndigule yakale ya waya kapena yatsopanoyi?

Ngati maulendo anu ambiri ndi a kumadooko ndi kumidzi, kutali ndi amene ali ndi makina oyezera, injini yakale ya waya idakali ndi malo ake. Imapirira mafuta okayikitsa ndipo makaniko wa pa trading centre iliyonse amaidziwa. Koma zotsalazo zakalamba, zimakwera mapiri mokwawa, ndipo yosamalika bwino ndi yosowa. Pa ulendo wa tala wa M5 ndi M14 ine ndingasankhe ya common rail, bola muvomere kuti batire, sefa ndi dizilo woyera si zinthu zonyengerera. Pa chiwongolero, wowoloka madzi kawirikawiri ali ndi nkhawa zochepa ndi cha oyilo, ngakhale nacho chimadontha ndipo lamba wake amaduka.

Poyesa galimoto yoti mugule, fikani injini isanalizidwe tsiku limenelo. Zungulitsani chiwongolero mbali zonse mpaka kumapeto ili chiimire, mumve ngati chikufewa mofanana. Yendani nayo pachitunda ndi pamabampu, suzumirani mphira za pa rack, kwezani kapeti muone ngati pansi pali matope ouma. Ndipo musanalize, ikani kiyi pa ON muyang'ane dashibodi. Nyale ya injini, ya chiwongolero, ya ABS ndi ya airbag ziyenera kuyaka zonse kenako n'kuzima, zina pakapita masekondi ochepa, zina injini ikalira. Imene siikuyaka n'komwe mufunse chifukwa chake, pakuti alipo ogulitsa ena amene amazula babu kapena kuimata tepi yakuda kuseri kwa galasi.